DP-900: JSON yomweyo, koma yankho pena Blob, pena Cosmos DB. Tisankha bwanji?

Namadzi_88
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikukonzekera mayeso a DP-900 (a Microsoft, oyambira pa za data mu Azure) ndipo gawo la malo osungira data likundizunguza mutu. Matanthauzo ndawamva. Structured ndi ija ya mizere ndi makolamu okhazikika, unstructured ndi zithunzi ndi mavidiyo, ndipo semi-structured ndi monga JSON ndi XML, pomwe rekodi iliyonse imanyamula yokha mayina a zomwe ili nazo. Vuto lili pa mafunso oyeserera. Funso lina likuti kampani ili ndi mafayilo a JSON, yankho Blob Storage. Lina likutinso JSON, yankho Cosmos DB. Lina likuti key-value, yankho Table storage, chonsecho Cosmos DB nayo ili ndi Table. Pa mayeso munthu usankha bwanji?

KaluluWaData
Achemwali, lekani kuyang'ana mtundu wa fayilo. Yang'anani zomwe akufuna kuchita nayo data ija akaisunga. JSON imakhala bwinobwino malo onse mwatchulawo.

Namadzi_88
Tambasulani pang'ono, achimwene. Ndamva koma sindinagwire.

nsanja_ya_seva
Ndiyese ine. Blob Storage sadziwa zomwe zili m'kati mwa fayilo yanu. Zili ngati katundu wotumiza pa basi: kondakitala amawerenga dzina lolembedwa pathumba, koma simungamuuze kuti akusankhireni mtedza wokha m'thumbamo. Mukaika oda.json mu container, mumaitenga yonse poitchula dzina. Simungauze Blob kuti ikupatseni maoda onse a ku Mzuzu opitirira K50,000. Pamafunika chida china chowerenga mafayilowo, kaya Synapse, Databricks kapena Fabric.

Cosmos DB imatsegula JSON ija n'kuika index pa property iliyonse popanda inu kuiuza. N'chifukwa chake mumatha kulemba SELECT * FROM c WHERE c.mzinda = "Mzuzu" yankho n'kubwera nthawi yomweyo. Koma liwiro limenelo mumalilipira.

Table storage ili pakatikati. Imazindikira ma property, koma imathamanga pokhapokha mukaifunsa kudzera pa makiyi ake awiri.

Tsono funso likakamba za pulogalamu yomwe anthu akugwiritsa ntchito pompopompo, ma millisecond, ndi ogula a m'maiko ambiri, ganizani Cosmos DB. Likakamba zosunga mafayilo ambirimbiri motsika mtengo kuti adzawerengedwe mtsogolo, Blob. Likawonjezera Spark (chida chosanthulira data yambiri), mafoda enieni ndi zilolezo pa foda iliyonse, ndiye Data Lake Storage Gen2. Likati key-value yotsika mtengo popanda kutchula liwiro lotsimikizika, Table storage. Likatchula SMB (njira yogawanirana mafayilo pa netiweki) kapena drive yogawana mu ofesi, imeneyo ndi Azure Files, ndipo nthawi zambiri amangoiika pa mndandanda kuti ikusokonezeni.

achimwene_SQL
Sindikugwirizana ndi kuphunzitsa anthu kuti JSON yofunsidwa ndiye kuti Cosmos DB basi. Azure SQL Database imasunga JSON mu kolamu, ndipo muli JSON_VALUE, JSON_QUERY ndi OPENJSON. Ngati mbali yaikulu ya data yanu ndi ma invoice, makasitomala ndi katundu zolumikizana, ndipo ndi kagawo kakang'ono kokha komwe kamasinthasintha, kusamukira ku Cosmos DB n'kudzipezera ntchito yosafunika. Mutaya ma foreign key, ndipo JOIN ya ku Cosmos DB for NoSQL imagwira m'kati mwa item imodzi yokha, siilumikiza ma container awiri.

nsanja_ya_seva
Pa ntchito mukunena zoona. Pa DP-900, funso likati schema imasiyana rekodi ndi rekodi ndipo palibe mawu a ubale wa matebulo, Azure SQL si yankho lomwe akufuna.

achimwene_SQL
Chabwino, bola munthu adziwe kuti mayeso ndi ntchito n'zosiyana pamenepa.

Tsabola_Wakale
Pa Table storage pali manambala ochepa oyenera kukhala m'mutu. Mzere uliwonse amautcha entity, ndipo uli ndi zinthu zitatu zosasowa: PartitionKey, RowKey ndi Timestamp. Ziwiri zoyambazo mumapereka ndinu, Timestamp imaikidwa ndi seva. Pamwamba pake mungawonjezere ma property 252, ndipo entity yonse isapitirire 1 MB. Mizere iwiri ya m'tebulo limodzi sikakamizidwa kufanana. Kasitomala wina akhoza kukhala ndi nambala za foni zitatu, wina n'kukhala ndi imelo yokha, tebulo lilandira onse.

Index ndi imodzi yokha, ya PartitionKey pamodzi ndi RowKey. Mukapereka makiyi onse awiri ndiye point query, yachangu kuposa zonse. Mukapereka PartitionKey ndi malire a RowKey, kuyambira apa kufika apo, ndi range query, nayonso ili bwino. Mukapereka PartitionKey koma n'kusefa ndi property ina, iwerenga partition yonse. Mukasiya PartitionKey, iwerenga tebulo lonse, ndipo tebulo likamakula kuchedwa kumakulanso.

Titenge mapampu a madzi okhala ndi ma sensor otumiza muyeso mphindi iliyonse. PartitionKey ikhale nambala ya pampu, RowKey ikhale nthawi. Pamenepo funso loti pampu 0417 yatumiza chiyani dzulo limayankhidwa mosavuta. Anthu ambiri amalakwitsa poika tsiku ngati PartitionKey. Zolembedwa zonse za lero zimakathera partition imodzi, pomwe partition imodzi malire ake ndi ma entity pafupifupi 2,000 pa sekondi, ndiye seva imayamba kukubwezani.

China chobisika: RowKey imasanjidwa ngati malemba, osati ngati nambala. "10" imabwera "9" isanabwere. Ikani ma zero kutsogolo kuti zonse zikhale ndi utali wofanana. Ndipo mukafuna kulemba zinthu zingapo kuti zitheke zonse kapena zikanike zonse, batch imalola ma entity 100 okha, onsewo a partition imodzi.

Namadzi_88
Zikomo akulu. Nanga Cosmos DB for Table ikusiyana pati ndi imeneyi, popeza makiyi ndi omwewo?

Tsabola_Wakale
Kalembedwe ka code n'kamodzi. Laibulale ya Azure.Data.Tables imalankhula ndi zonse ziwiri, mumangosintha connection string. Kusiyana kuli kuseri. Cosmos DB for Table imaika index pa ma property onse, ndiye kusefa ndi property ina sikuwerenga tebulo lonse. Imalonjeza kuwerenga ndi kulemba pansi pa ma millisecond 10, imakulolani kuwonjezera ma region ambiri ngakhale olembako onse, ndipo entity imafika 2 MB. Table storage mumalipira malo ndi chiwerengero cha ma transaction, Cosmos DB mumalipira ma RU (Request Unit). Funso likati pulogalamu ili kale pa Table storage, ikufuna liwiro ndi kufalikira padziko lonse popanda kulembanso code, yankho ndi Cosmos DB for Table.

mbeu_yabwino
Ma RU amenewo ndi omwe ine sindiwamvetsa. Ndi ndalama kapena ndi liwiro?

KaluluWaData
Ndi muyeso wa ntchito yomwe database yagwira, kuphatikiza CPU, memory ndi disk. Poyambira pake ndi apa: kuwerenga item ya 1 KB poitchula id ndi partition key kumadya 1 RU. Kulemba item yomweyo kumadya cha m'ma 5 RU, ndipo kumakwera item ikakula kapena ma property oikidwa index akachuluka. Ndiye ngati pa sekondi mukulemba ma item 200 ndi kuwerenga 500, mukufunika cha m'ma 1,500 RU/s. Mukapitirira zomwe munagula, pempho limabwezedwa ndi error 429, ndipo SDK imadikira pang'ono n'kuyesanso.

Kugula kwake kuli mitundu itatu. Provisioned wamba imayambira 400 RU/s ndipo mumalipira ola lililonse ngakhale palibe wagwiritsa ntchito. Autoscale mumatchula denga, iyo n'kumasewera pakati pa 10 peresenti ya dengalo ndi denga lenilenilo. Serverless mumalipira ma RU omwe mwadya okha, yabwino pa pulogalamu yomwe imakhala duu nthawi yaitali. Kumbukiraninso kuti mukawonjezera region, ma RU munagulawo amaperekedwa ku region iliyonse, bilu nayo n'kuchulukitsidwa.

Pomwe anthu amapsa kwambiri ndi pa partition key. Ma item onse okhala ndi kiyi yofanana amapanga logical partition imodzi, ndipo imeneyo siipitirira 20 GB. Kuseri kuli ma physical partition, iliyonse mpaka 50 GB ndi 10,000 RU/s, ndipo ma RU anu amagawidwa mofanana pakati pawo. Mukagula 20,000 RU/s pa ma physical partition anayi, iliyonse yatenga 5,000. Tiyerekeze mwasankha /boma ngati kiyi ya maoda a m'Malawi. Maboma alipo 28 okha, ndipo maoda ambiri adzachokera ku Lilongwe ndi Blantyre. Partition yonyamula Lilongwe idzayamba kutulutsa 429 pomwe ma RU a ma partition ena akungokhala. Kiyi ngati /customerId imamwaza katundu bwino chifukwa ili ndi ma value ambiri, komanso imapezeka m'mafunso omwe pulogalamu imafunsa kawirikawiri. Ndipo kiyi siisinthidwa pa container yomwe ilipo kale. Mukalakwitsa, mupanga container yatsopano n'kusamutsa data.

chiphaso_cha_Azure
Izi ndi za DP-420, mayeso apadera a Cosmos DB, achimwene. Musaopseze anthu a DP-900.

KaluluWaData
Manambalawo mwina sawafunsa, koma womvetsa partition key savutika ndi funso lililonse la Table kapena Cosmos DB.

chiphaso_cha_Azure
Zomwe zimabwera kawirikawiri ndi zogwirizanitsa API ya Cosmos DB ndi mtundu wa data, ndiye tiyeni tizikhazike. NoSQL, yomwe kale inkatchedwa Core kapena SQL API, ndi ya ma document a JSON ofunsidwa ndi chilankhulo chofanana ndi SQL. Dzina la SQL lisakupusitseni, si relational. MongoDB ndi ya ma document a BSON, ya pulogalamu yomwe ili kale pa MongoDB. Apache Cassandra ndi column-family, imafunsidwa ndi CQL. Apache Gremlin ndi graph, ya ma vertex ndi ma edge, ndiye mukaona funso la ndani amadziwana ndi ndani, kapena ndani ali pansi pa ndani pakampani, ndi imeneyo. Table ndi key-value. PostgreSQL ndi yokhayo ya relational, yomangidwa pa Citus. API imasankhidwa popanga akaunti ndipo siisinthidwa. Mukafuna Gremlin ndi MongoDB, ndiye kuti maakaunti awiri.

Ma consistency level, omwe amanena ngati wowerenga aona zomwe zangolembedwa kumene kapena zakale pang'ono, ndi asanu, kuchokera pa wolimba kufika pa womasuka: strong, bounded staleness, session, consistent prefix, eventual. Akaunti yatsopano imabwera ndi session, kutanthauza kuti wolemba amawerenga zomwe walemba yekha. Strong ndi bounded staleness zimadya ma RU kawiri powerenga.

Mlimi_wa_Code
Pepani ndipatuke pang'ono. Mayesowa kulembera kunyumba n'kotheka ndi magetsi ndi netiweki yathuyi?

nsanja_ya_seva
N'kotheka, koma konzekerani. Amayendetsa ndi Pearson VUE kudzera pa pulogalamu ya OnVUE. Chitani system test pa kompyuta yomweyo, pa intaneti yomweyo, m'chipinda chomwecho chomwe mudzalembere. Laputopu ikhale yodzaza batire, rauta ikhale pa power bank kapena UPS. Musadalire hotspot ya foni, chifukwa mukamaliza kujambula chiphaso ndi chipinda foniyo imayenera kuikidwa patali. Patebulo pasakhale pepala, sikirini yachiwiri ichotsedwe, ndipo munthu asalowe m'chipindamo. Musawerenge mafunso mokweza mawu, woyang'anira amatha kukuimitsani. Dzina la pa akaunti lifanane ndendende ndi la pa chiphaso.

chiphaso_cha_Azure
Nthawi yolemba ndi mphindi 45 ndipo kukhoza ndi 700 pa 1,000. Mapointiwo ndi osinthidwa sikelo, ndiye musawerengere kuti ndi 70 peresenti ya mafunso. Microsoft Learn siitsegulidwa m'kati mwa mayeso a fundamentals. Mukalephera koyamba mumadikira maola 24 musanalembenso, kenako masiku 14. Setifiketi ya fundamentals siitha ntchito.

Mlimi_wa_Code
Zikomo. Nanga poyeserera ndisankhe region iti?

Tsabola_Wakale
Yapafupi ndi ife ndi South Africa North, ku Johannesburg, yomwe inatsegulidwa mu 2019. Inzake ndi South Africa West ku Cape Town, ndipo mukasankha GRS pa storage account, kutanthauza kusunganso data ku region ina, makope ena atatu amapita kumeneko. LRS ndi makope atatu mu datacenter imodzi, ZRS ndi makope atatu m'ma zone atatu a region imodzi. Poyeserera LRS ndi yokwanira.

Namadzi_88
Tibwerere ku mafayilo. Avro, ORC ndi Parquet ndimazisakaniza. Komanso CSV ndi semi-structured kapena ayi? Anthu akunena zosiyana.

mbeu_yabwino
CSV ndi semi-structured, chifukwa ilibe ma data type ndipo palibe chokakamiza schema.

achimwene_SQL
Ayi, pa DP-900 itengeni ngati njira yosungira structured data mu fayilo. Mzere uliwonse uli ndi makolamu omwewo, mu dongosolo lomwelo. Sungaike mndandanda m'kati mwa rekodi, ndipo rekodi siinena yokha kuti nambala iyi ndi ya chiyani, imadalira mzere woyamba uja. JSON imachita zonse ziwirizi.

mbeu_yabwino
Mabuku ena amaiika ku semi-structured ndithu. Koma ngati mayeso ndi a Microsoft, nditsata mmene iwo amaphunzitsira.

KaluluWaData
Pa zitatu zija, funso ndi lakuti data yasanjidwa mwa mizere kapena mwa makolamu. Avro ndi ya mizere. Kumutu kwa fayilo kuli schema yolembedwa mu JSON, pansi pake pali data ya binary. Ndi yabwino polemba marekodi motsatizana ndi powatumiza pa netiweki, n'chifukwa chake Event Hubs Capture imatulutsa Avro. ORC ndi Parquet ndi za makolamu. ORC inachokera ku Hortonworks chifukwa cha Apache Hive, ndipo imagawa data mu ma stripe. Parquet inapangidwa ndi Cloudera ndi Twitter, imagawa mu ma row group, ndipo imadziwika ndi kusunga bwino data yokhala ndi zigawo m'kati mwa zigawo.

Phindu la makolamu likuoneka apa. Tebulo lili ndi makolamu 80, inu mukufuna kuphatikiza imodzi yokha. Parquet iwerenga kolamu yomweyo, ndipo chifukwa row group iliyonse imasunga nambala yaing'ono ndi yaikulu ya kolamuyo, ma row group osakhudzidwa amadumphidwa. JSON iwerengedwa yonse, chilembo ndi chilembo. Ndiye kachitidwe kabwino ndi kulandira JSON mu Data Lake mmene yabwerera, kenako kuisandutsa Parquet musanayambe kusanthula. Ndipo timafayilo ting'onoting'ono miyandamiyanda tiphatikizeni, chifukwa Spark imataya nthawi yambiri potsegula fayilo iliyonse kuposa powerenga zili m'katimo.

nsanja_ya_seva
Ndiwonjezere kuti Data Lake Storage Gen2 si service yapayokha. Ndi storage account wamba yomwe mwayatsa hierarchical namespace. Popanda iyo, mafoda a mu Blob ndi ongooneka, kachizindikiro ka / kali chabe mbali ya dzina la blob. Kusintha dzina la foda yotero ndiye kukopera blob iliyonse n'kufufuta yakale. Mukayatsa, foda imakhala yeniyeni, imasinthidwa dzina kamodzi n'kamodzi, ndipo mumaikapo ma ACL (mindandanda ya zilolezo) a mtundu wa POSIX. Akaunti yakale mutha kuikweza, koma mukakweza palibe kubwerera. Gen1 inatsekedwa mu February 2024, musatayepo nthawi.

Dynamo_Mtengowanthenga
Kwa omwe adzalembenso za AWS, kaganizidwe n'komweko. S3 ili m'malo mwa Blob, DynamoDB ndi ya key-value ndi ma document, koma item yake imathera pa 400 KB. Document ikakula kuposa malire, kaya ndi 400 KB ya DynamoDB kapena 2 MB ya Cosmos DB, chachikulucho chiikeni mu S3 kapena Blob, mu database musunge adiresi yake yokha.

Namadzi_88
Ndiyese funso ili muone ngati ndagwira. Kampani ikusunga ma log a JSON kwa zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cha malamulo. Sawawerenga kawirikawiri, ndipo akawafuna atha kudikira tsiku limodzi. Ndikuti Blob Storage, Archive tier.

Tsabola_Wakale
Mwakhoza, ndipo chomwe chakutsegulirani Archive ndi mawu akuti atha kudikira. Blob ya mu Archive siiwerengedwa mpaka muibweze ku Hot, Cool kapena Cold. Kubweza kwa standard kumatha kutenga maola 15, kwa high priority kumatha kutha ola lisanakwane ngati blob ili pansi pa 10 GB. Funso likanati sawerenga kawirikawiri koma akafuna ipezeke pompo, yankho likanakhala Cool kapena Cold.

Masiku ochepetsetsa ndi awa: Cool 30, Cold 90, Archive 180. Mukafufuta kapena kusamutsa masikuwo asanakwane, mulipira masiku otsalawo. Mukamatsika tier, malo amatsika mtengo koma kuwerenga kumakwera mtengo. Kusamutsa musachite pamanja, lembani lifecycle management policy yoti blob ikatha masiku 30 osasinthidwa ipite ku Cool, ikatha 180 ipite ku Archive, ikakwanitsa zaka zake ifufutidwe. Samalani ziwiri izi. Ma tier amagwira pa block blob, ndiye ma log olembedwa ngati append blob ayenera kusandutsidwa block blob asanapite ku Archive. Ndipo Archive siigwira pa akaunti ya ZRS kapena GZRS (ZRS yokhalanso ndi makope ku region ina).

Mlimi_wa_Code
Ndilibe khadi yolipirira pa intaneti. Zonsezi ndingazigwire bwanji ndi manja?

KaluluWaData
Ikani Azurite pa kompyuta yanu. Imayerekeza Blob, Queue ndi Table popanda intaneti, ndipo mumailumikiza ndi Azure Storage Explorer. Cosmos DB nayo ili ndi emulator yake. Ngati muli pa koleji ndipo muli ndi imelo ya sukulu, yesani Azure for Students, imapereka $100 popanda khadi.

Yeserani motere. Lembani maoda 20 a JSON, ena akhale ndi property yomwe ena alibe. Aikeni mu Blob, muone kuti palibe njira yowafunsira za m'kati. Aikeni mu Table, PartitionKey ikhale kasitomala, muone kuti mndandanda wa katundu wa m'kati mwa oda ukukana kulowa mpaka muusandutse malemba, chifukwa Table siilandira property yokhala ndi zigawo. Kenako aikeni mu Cosmos DB for NoSQL, muthamangitse query imodzi yotchula partition key ndi ina yosatchula, n'kutsegula Query Stats mu Data Explorer kuti muone ma RU. Pa data yochepa chonchi kusiyana kukhala kochepa chifukwa physical partition ndi imodzi, ndiye yerekezaninso ndi query yokhala ndi ORDER BY kapena COUNT.

chiphaso_cha_Azure
Ogwiritsa ntchito akaunti yeniyeni, free tier ya Cosmos DB imapereka 1,000 RU/s ndi 25 GB, koma imayatsidwa popanga akaunti ndipo ndi akaunti imodzi pa subscription. Ikani ma RU pa database kuti ma container agawane, chifukwa ma container atatu a 400 RU/s iliyonse apitirira kale 1,000 ija. Zonse zikhale mu resource group imodzi, mukamaliza mufufute resource group yonseyo.

Namadzi_88
Ndayamba ndi Azurite. Funso lotsatira: mu Table, mndandanda wa katundu uja ndiusunge ngati malemba a JSON mu property imodzi, kapena katundu aliyense akhale entity yake?

Tsabola_Wakale
Ngati oda mumaiwerenga yonse nthawi zonse, property imodzi ikwanira, bola isapitirire 64 KB, omwe ndi malire a string imodzi. Ngati mumasintha katundu mmodzimmodzi, aliyense akhale entity yake pansi pa PartitionKey yomweyo, RowKey ikhale nambala ya oda kutsogolo, nambala ya katundu pambuyo, monga 000123_01. Range query imodzi ibweretsa oda yonse, ndipo batch imodzi ilemba zonse pamodzi.